Kusunga Msipu wa M'dzinja Kuti Udzadyedwe M'chilimwe

Amene anayendapo pa msewu wochokera ku Blantyre kupita ku Nsanje m'mwezi wa Epulo, n'kudzayendanso pa msewu womwewo mu Okutobala, angaganize kuti waona maiko awiri. Mu Epulo, munthu akangotsika mapiri aja ndi kuoloka mlatho wa Kamuzu, amalandiridwa ndi udzu wofika m'chiuno. Kuyambira pa Dyeratu, kudutsa Nchalo ndi Ngabu mpaka ku Bangula, ng'ombe zimakhala zosalala, abusa ali phee pansi pa mitengo poti ziweto sizipita patali. Koma pofika Okutobala dziko limakhala mbee. Kwina moto wadutsa, kwina udzu waphwanyika n'kusanduka fumbi. Ng'ombe zomwe zija zimayenda mtunda wautali kulondola madambo a m'mbali mwa Shire, nthiti zikuwerengeka, ana ake akuyamwa mabere opanda kanthu.

Nthawi imeneyi ndiyo imene chuma cha banja chimasungunuka. Ng'ombe yoonda ilibe mtengo pa msika. Wogula amatchula yekha ndalama, mwini wake n'kungovomera poopa kuti ingamufere m'khola. Ng'ombe zokoka ngolo zimafooka pa nthawi imene ntchito yachuluka, ndipo zazikazi zimachedwa kutenga bere. Akagwanso matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, amene akhala akubuka m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, boma limatseka misika ndi kuletsa kuyendetsa ziweto. Pamenepo ngakhale wofuna kugulitsa amasowa kolowera. Ziweto zimakhala pakhomo, ndipo tsiku lililonse zimafuna kudya.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chakudya chimene chikusowa mu Okutobala chinalipo chambiri mu Malichi ndi Epulo, mpaka china kumangopondedwa. Kwa ife a kunyanja nkhani yotere si yachilendo. Usipa ukachuluka timauyanika kuti tidzadye nyanja ikavuta, ndipo amayi amafutsa khwanya ndi chitambe kuti ndiwo zisasowe m'chilimwe. Msipu nawo uli ndi njira ziwiri zousungira. Yoyamba ndi kuumweta, kuuyanika ndi kuusanja pa malo ouma. Yachiwiri, imene tikambe lero, ndi kuudula udakali wauwisi, kuutsendera m'dzenje, mu mgolo kapena m'thumba la pulasitiki, ndi kuutsekera kuti mpweya usalowe. Msipu wosungidwa motere alangizi a ziweto amautcha sayileji.

Njira yachiwiriyi ili ndi ubwino wake. Mu Malichi mvula imakhala isanatheretu, ndipo udzu woyanika umavumbwa n'kuola. Mapesi a chimanga, a mapira ndi nsenjere ndi zonenepa, siziuma msanga. Komanso msipu wa m'dzenje suopa moto wolusa. Koma njirayi ili ndi malamulo ake, ndipo kuchigwa, kumene dzuwa limaomba popanda chisoni, wolakwitsa pang'ono amakapeza manyowa m'malo mwa chakudya.

Chimachitika n'chiyani m'dzenjemo?

Ena akamva kuti msipu ukwiriridwa kuti usase amayamba kukayika, kuganiza kuti mwina ndi kufulula. Ayi. Chitsanzo choyenera ndi chambiko. Mkaka ukakhala m'chikho, tizilombo tina tosaoneka ndi maso timadya shuga wa mu mkakamo ndi kutulutsa asidi wowawasa, ndipo kuwawasako ndiko kumauteteza kuti usaole msanga. Tizilombo ta mtundu womwewo timakhala pa masamba a udzu ndi a chimanga. Tikatsekeredwa pa malo opanda mpweya, timadya shuga wa mu msipu ndi kupanga asidi wotchedwa lactic acid. Asidiyu akachuluka, tizilombo toolesa timalephera kugwira ntchito, ndipo msipu umangokhala chomwecho kwa miyezi yambiri, ngakhale kupitirira chaka, malinga ngati mpweya ndi madzi sizinalowe.

Akatswiri amayeza kuwawasaku pa muyeso wotchedwa pH. Msipu wongodulidwa kumene umakhala pafupi ndi 6. Sayileji wabwino wa chimanga amatsika kufika pa 4 kapena kutsikirapo pang'ono. Ulendo wochoka pa 6 kufika pa 4 uyenera kuyendedwa mofulumira, pakuti m'dzenjemo muli mpikisano. Pamene mpweya ukadali mkati, msipu umapitiriza kupuma, umatentha, ndipo umadzidyera wokha shuga uja. Nkhungu ndi yisiti nazo zimadya nawo. Ngati shuga atha tizilombo tabwino tisanagwire ntchito, pamabwera tizilombo tina totchedwa clostridia, timene timakonda chinyezi ndipo timapezeka kwambiri m'dothi ndi m'ndowe. Timeneti timaononga zomanga thupi za mu msipu ndi kutulutsa fungo loipa ngati la mafuta ovunda. Ng'ombe ikanunkhiza imabwerera.

Tsono nkhani yonse yagona pa zinthu ziwiri: mpweya utuluke msanga, ndipo shuga akhale wokwanira. Zonse zimene tinene kutsogoloku zikuchokera pa mfundo ziwirizi.

Nzeruyi si ya lero. Mlimi wina wa ku France, dzina lake Auguste Goffart, anasindikiza buku m'chaka cha 1877 lofotokoza mmene ankasungira chimanga chauwisi chodulidwa, ndipo njira yake inafalikira mpaka ku America. Ku Finland, kumene chisanu chimatsekera ng'ombe m'khola kwa miyezi yambiri, katswiri wina dzina lake Artturi Virtanen anapeza kuti msipu ukawawasitsidwa msanga kufika pa pH ya 4 kapena kucheperapo, zomanga thupi sizionongeka. Iye ankathira asidi mu msipuwo, ndipo m'chaka cha 1945 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyi. Kwathu kuno sitifunika kugwira asidi woopsa wotero. Tizilombo tachilengedwe timatipangira asidi, ife tikangotikonzera malo.

Chinyezi: kuyeza ndi dzanja

Msipu woyenera kukwiriridwa uyenera kukhala ndi madzi pakati pa magawo 65 ndi 70 pa 100 alionse. Ukanyowa kuposa apa, madzi amatsika pansi pa dzenje atatenga shuga ndi zakudya zina, ndipo tizilombo toolesa tija timasangalala. Ukaumanso kwambiri sutsendereka, mpweya umatsalira m'mipata, ndipo nkhungu imamera.

Simufunika makina kuti mudziwe. Tapani msipu wodulidwa wodzaza dzanja, muufinye mwamphamvu kwa theka la mphindi, kenaka tambasulani dzanja. Madzi akadontha, kapena msipu ukatsala uli chibulunga cholimba, ndiye kuti wanyowetsa. Ukangomwazika nthawi yomweyo ngati mankhusu, waumitsa. Woyenera ndi umene umamasuka pang'onopang'ono, n'kusiya dzanja lili lonyowa pang'ono koma losadontha.

Chimanga chimafika pa muyeso umenewu njere zikayamba kulimba, chitangopitirira pang'ono nthawi yootcha, masamba ambiri akadali obiriwira. Chimadulidwa chonse, phesi, masamba ndi chitsononkho chomwe. Mapira nawo amadulidwa njere zikasiya kutuluka mkaka n'kuyamba kulimba. Nsenjere ndi yosiyana. Imakhala ndi chakudya chabwino ikafika pafupifupi mita imodzi kutalika, koma pa msinkhu umenewo imakhala ndi madzi ambiri ndi shuga wochepa. Choncho iyenera kufotetsedwa. Kuchigwa dzuwa la maola ochepa limakwanira: mwetani m'mawa mame atauma, yalani mopyapyala, ndipo madzulo kapena m'mawa mwake yesani ndi dzanja muja tanenera. Musaisiye masiku ambiri padzuwa, pakuti shuga amene mukumufuna amapita.

Pomweta siyani chitsa cha masentimita 10 kapena 15, ndipo musakokere msipu m'matope. Dothi ndi ndowe ndizo zimabweretsa tizilombo toononga.

Kudula, kuponda ndi kutseka

Msipu udulidwe tizidutswa ta masentimita awiri kapena atatu, ngati mfundo imodzi ya chala. Ndi chikwanje pa chipika ntchitoyi ndi yolemetsa, ndipo apa ndi pamene ambiri amagonja n'kuyamba kuponya mapesi aatali m'dzenje. Phesi lalitali lili ngati chitoliro, limasunga mpweya. Tizidutswa tating'ono timagwirana bwino ndipo timatulutsa msanga madzi a shuga amene tizilombo tabwino timafuna. N'chifukwa chake ntchitoyi imayenda bwino mabanja angapo akagwirizana, lero kwa uyu mawa kwa uyo, kapena gulu likasonkherana kugula makina odulira.

Yalani pepala la pulasitiki pansi ndi m'mbali mwa dzenje. Thirani msipu wokwana masentimita 15 kapena 20, kenaka pondani. Achinyamata aponde ndi mapazi oyera, kapena agubuduze mgolo wodzaza madzi kapena mchenga. M'mbali ndi m'makona ndimo mofunika kupondetsa, chifukwa ndimo mpweya umabisala. Mukaona kuti phazi silikuloweranso, thirani mzere wina. Pitirizani mpaka msipu utatumphuka pamwamba pa dzenje ngati nsana wa ng'ombe, chifukwa udzatsika, ndipo sitifuna kuti pamwamba padzakhale chithaphwi.

Dzenje lidzazidwe ndi kutsekedwa tsiku lomwelo, likachedwa mawa lake. Pindani pulasitiki kuti iphimbe ponse, ndi kuthira dothi lokwanira pamwamba kuti lipsinje. Kumbani kangalande kozungulira kopatutsa madzi a mvula, ndipo tchingani ndi minga kuti mbuzi ndi ana asabowole.

Kufulumira kumeneku n'kofunika kwambiri kuchigwa kuposa ku Thyolo kapena ku Dedza. Chigwa cha Shire ndi dera lotsika ndi lotentha koposa m'dziko lathu, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Ngakhale mu Epulo kumakhala kotentha ndithu. Pa malo otentha msipu wodulidwa umapuma mofulumira, ndipo shuga amatha msanga. Mulu ukatentha kwambiri, msipu umasanduka wakuda ndi kununkhira ngati fodya kapena shuga wopserera. Ng'ombe zimaudya mokondwa, mwini wake n'kumati zayenda bwino, pamene zomanga thupi zambiri zamangika moti mimba ya chiweto siingathe kuzigaya. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Abale a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota adziwe kuti chenjezoli ndi lawonso, pakuti kutentha kwa kunyanja sikusiyana kwenikweni ndi kwa kuchigwa.

Dzenje likumbidwe pati?

Mdani wina wa kuchigwa ndi madzi. Anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje sanaiwale madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Ngakhale chaka chopanda namondwe, m'madera oyandikira Shire ndi madambo ake madzi a pansi pa nthaka ali pafupi. Dzenje lolowa madzi ndi dzenje lotayika.

Sankhani malo okwera, otsetsereka pang'ono, ndipo ngati kungatheke a mthunzi. Kumene madzi ali pafupi musakumbe mozama. N'kwabwino kumanga makoma a njerwa pamwamba pa nthaka, kapena kugwiritsa ntchito migolo ya pulasitiki yokhala ndi zivindikiro zothina, kapena matumba a pulasitiki yokhuthala. Ku Kenya alimi ang'onoang'ono a ng'ombe za mkaka amasunga nsenjere ndi chimanga m'matumba otere. Ku Zimbabwe, pa malo a kafukufuku a Matopos pafupi ndi Bulawayo, dera louma ngati kuchigwa, akatswiri anayesa m'zaka za m'ma 1990 kusunga m'matumba mapira osakaniza ndi mbewu za mtundu wa nyemba, ndipo anaona kuti n'zotheka kwa mlimi wamba. Ubwino wa thumba ndi mgolo ndi wakuti zimanyamulika madzi akaopseza. Kuipa kwake ndi makoswe ndi chiswe. Matumba aikidwe pa thandala, pa mthunzi, ndipo aziyenderedwa. Pobooka pamatidwe tsiku lomwelo.

Zothiramo: chiti chimathandiza chiyani?

Chimanga ndi mapira odulidwa pa nthawi yake sizifuna chothiramo, chifukwa shuga wake ndi wokwanira. Zothiramo zimafunika pamene msipu uli ndi chosowa, ndipo mlimi ayenera kudziwa chosowacho asanatulutse ndalama.

Choyamba ndi molasesi, madzi akuda okhuthala otsala popanga shuga. Ntchito yake ndi kupereka shuga kwa tizilombo tabwino, choncho ndi mnzake weniweni wa nsenjere ndi udzu wa m'dambo. Muyeso wake ndi makilogalamu 3 mpaka 5 pa makilogalamu 100 a msipu. Popeza molasesi ndi wolemera kuposa madzi, malita awiri amalemera pafupifupi makilogalamu atatu, kotero chigubu cha malita 20 chimakwanira tani imodzi pa muyeso wochepawo. Sungunulani gawo limodzi la molasesi m'magawo awiri a madzi, ndi kuwaza pa mzere uliwonse musanaponde. Mukathira pamwamba pokha, pansi padzaola.

Munthu angaganize kuti kuchigwa molasesi ndi wosasowa, poti ku Nchalo kwakhala kukupangidwa shuga kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Koma kuyambira 2004 kampani ya PressCane ku Chikwawa yakhala ikupanga ethanol kuchokera ku molasesi, monga mmene zakhalira ku Dwangwa kuyambira 1982. Choncho mlimi payekha sangadalire kuti amupeza mosavuta. Akasowa, pali njira zina. Misale yodulidwa bwino, kapena chimanga chauwisi, zikasakanizidwa ndi nsenjere zimabweretsa shuga wofunikayo.

Chachiwiri ndi madeya. Ntchito yake yaikulu ndi kumwa madzi. Ngati mvula yakukanizani kufotetsa nsenjere, wazani makilogalamu 5 mpaka 10 a madeya ouma pa makilogalamu 100 a msipu. Amachepetsa chinyezi ndi kuonjezera mphamvu m'chakudya. Koma madeya sapereka shuga wachangu ngati molasesi, ndipo madeya a chuku asayandikire dzenje.

Chachitatu ndi masamba a mbewu za mtundu wa nyemba: khobwe, nandolo, lukina ndi masangwi a mtedza. Izi zimaonjezera zomanga thupi, zimene chimanga ndi mapira zilibe zokwanira. Koma pazokha sizisasa bwino, chifukwa zili ndi shuga wochepa ndipo zimalimbana ndi kuwawasa. Zisakanizeni motere: gawo limodzi la masambawa, magawo awiri kapena atatu a chimanga kapena mapira.

Chachinayi ndi feteleza wa yureya. Ena amathira makilogalamu 5 pa tani imodzi ya chimanga chodulidwa, atamusungunula m'madzi, pofuna kuonjezera zimene mimba ya ng'ombe imasandutsa zomanga thupi. Yureya sathandiza kusasa, ndipo amakuchedwetsa pang'ono, choncho sayenera kuthiridwa mu nsenjere yonyowa kapena m'masamba a nyemba. Akachuluka kapena akaunjikana malo amodzi amapha chiweto. Musamugwiritse ntchito popanda mlangizi wa ziweto, ndipo chakudya chotere chisapatsidwe kwa ana a ng'ombe amene sanayambe kubzikula.

Chachisanu ndi tizilombo ta m'mapaketi, timene alimi a minda ikuluikulu amagula. Mtundu wina, Lactobacillus plantarum, umafulumizitsa kuwawasa. Wina, Lactobacillus buchneri, umathandiza kuti sayileji asatenthe msanga dzenje likatsegulidwa. Timagwira ntchito, koma ndi tamoyo, ndipo paketi ikakhala pa malo otentha timafa. Komanso sitipanga shuga. Kutithira mu msipu wopanda shuga kuli ngati kuitana aganyu kumunda popanda makasu.

Pa zonsezi gwirani mfundo imodzi: palibe chothiramo chimene chingakonze dzenje losapondedwa bwino kapena lotsekedwa mochedwa. Molasesi wothiridwa m'dzenje lolowa mpweya amangonenepetsa nkhungu.

Nanga nzimbe?

Kuchigwa nzimbe ndi zambiri, ku Nchalo komanso m'minda ya alimi a ku Kasinthula ndi ku Phata, ndipo nyengo yodula imagwera m'chilimwe momwe. Nsonga za nzimbe ndi chakudya cha ng'ombe chodziwika m'maiko ambiri olima nzimbe. Zikadulidwa tizidutswa ndi kukwiriridwa zisanaume zimasungika, ngakhale zili ndi zomanga thupi zochepa, moti zimafuna masamba a nyemba pambali. Wofuna kutola nsongazi ayambe wapempha kwa eni munda.

Koma nzimbe yeniyeni, thunthu lake, ili ndi vuto losiyana ndi la nsenjere. Shuga wake ndi wochuluka kwambiri, ndipo amene amamupezerera ndi yisiti. Yisiti amasandutsa shuga kukhala mowa ndi mpweya, ndipo gawo lalikulu la chakudya limatayika motero. Ku Brazil, kumene amakwirira nzimbe zambiri, amathiramo laimu pang'ono kapena tizilombo ta buchneri tija pofuna kugonjetsa yisiti. Kwa mlimi wa kwathu langizo ndi lapafupi: nzimbe idyetsedwe yaiwisi tsiku limene yadulidwa, kapena ilowe m'dzenje pang'ono chabe, yosakaniza ndi udzu wosowa shuga. Dzenje likamanunkha mowa, dziwani kuti yisiti ndiye anapambana, ndipo chakudya chachepa mphamvu.

Mbewu zopserera ndi dzuwa

M'chaka cha 2024 ng'amba inaononga mbewu moti mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chaka chotere chimanga chambiri chimafota chisanabereke, n'kungoumira m'munda. Chimanga chimenecho chikadulidwa chikadali ndi chinyezi chokwanira, chikhoza kukwiriridwa ndi kupulumutsa ziweto. Banja limene lataya nsima lisatayenso ng'ombe.

Apa sayileji ali ndi ubwino wina. Mapira aang'ono, ophukira pa chitsa kapena ofota ndi ng'amba, amakhala ndi poizoni amene amapha ng'ombe ndi mbuzi mwadzidzidzi zikadya aawisi. Chimanga chovutika ndi ng'amba, makamaka chothiridwa feteleza wambiri, chimasunganso mchere wina woopsa m'munsi mwa phesi. Kukwirira kumachepetsa poizoni wa mitundu iwiriyi, ngakhale sikumuchotsa yense. Choncho dulani mokweza, dikirani masabata asanu ndi limodzi, ndipo yambani kudyetsa pang'onopang'ono. M'masiku oyamba dzenje lotere limatha kutulutsa mpweya woipa wachikasu. Ana asasewere pafupi, ndipo migolo isasungidwe m'nyumba yogona.

Tsiku lotsegula

Kusasa kumatenga masabata atatu, koma kudikira masabata asanu ndi limodzi n'kwabwino koposa. Musamasuzumire. Kutsegula kulikonse kumalowetsa mpweya.

Sayileji wabwino amaoneka wobiriwira mopita kuchikasu, amanunkhira mowawasa bwino, ndipo masamba ndi mapesi zimazindikirika, sizinanda m'manja. Wakuda, woterera ndi wonunkha chivundi ndi wotayika. Wa nkhungu yoyera, yobiriwira kapena yofiira achotsedwe ndi kukathiridwa ku manyowa. Musachite naye chisoni. Msipu woola ukhoza kuchotsetsa bere, ndipo mu msipu wosasasa bwino mumakhala kachilombo kotchedwa listeria, kamene kamagwira bongo wa mbuzi ndi nkhosa, chiweto n'kumangozungulira mbali imodzi mpaka kufa.

Tsegulani mbali imodzi yokha, tapani za tsiku limenelo kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndi kuphimbanso. Mpweya ukangokhudza, yisiti ndi nkhungu zimadzuka, ndipo pa malo otentha sayileji amayamba kufunda pasanathe masiku awiri. N'chifukwa chake tsiku lililonse muyenera kulowa m'kati pafupifupi masentimita 15. Ziweto zosazolowera zimayamba zakana. Sakanizani pang'ono ndi chakudya chimene zimadziwa, ndipo pakatha masiku ochepa zidzayamba kulimbirana. Ng'ombe ya mkaka ipatsidwe ikatha kukamidwa, kuti fungo lisalowe mu mkaka.

Tiyeni tiwerengere limodzi

Tiyerekeze kuti banja lili ndi ng'ombe zinayi za makolo, ndipo likufuna kuzithandiza kwa masiku 90, kuyambira Sepitembala mpaka kumapeto kwa Novembala. Ng'ombe iliyonse ikamalandira makilogalamu 12 madzulo pobwera ku busa, ndiye kuti pa tsiku pafunika makilogalamu 48, ndipo pa masiku 90 pafunika makilogalamu 4,320. Malo a mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi kuzama amalowa makilogalamu pakati pa 500 ndi 600 a msipu wopondedwa bwino.

Wina angakumbe dzenje limodzi lalikulu, la mamita awiri m'lifupi ndi mita imodzi kuzama. Koma ng'ombe zinayi zingamadye masentimita anayi kapena asanu okha pa tsiku, ndipo kuola kungamathamange kuposa kudya. Nzeru ndi kukumba maenje atatu opapatiza, lililonse mamita 4 m'litali, mita imodzi m'lifupi ndi masentimita 70 kuzama. Dzenje lotere limalowa pafupifupi makilogalamu 1,500, chakudya cha mwezi umodzi, ndipo limadzazika tsiku limodzi anthu akathandizana. Limodzi likalakwika, awiri atsala.

Wa mbuzi asadere nkhawa maenje. Mbuzi yaikulu imadya kilogalamu imodzi kapena awiri pa tsiku, ndipo mgolo wa malita 200 umalowa makilogalamu oposa 100. Migolo kapena matumba ochepa akhoza kudutsitsa khola la mbuzi zisanu miyezi yovutayi.

Dziko likusintha

Malo odyetsera ziweto kuchigwa akunka nachepa. Anthu achuluka, madimba alowa m'madambo momwe ng'ombe zinkathawira m'chilimwe, ndipo milandu ya ziweto zodya mbewu za eni imafika kawirikawiri kwa mafumu. Kuyambira 2020 boma linayamba kukumba ngalande yaikulu yotenga madzi a Shire pa Kapichira, imene cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 40,000 m'maboma awiriwa. Minda yothirira ikamakula, busa lidzachepa, koma zotsalira za mbewu zauwisi zidzachuluka. Mlimi wodziwa kusunga msipu ndiye adzapindule ndi kusinthaku.

Abale ndi alongo, ntchitoyi imayamba mvula isanagwe. Patulani kachigawo ka munda ka mapira kapena chimanga cha ziweto, bzalani nsenjere m'mbali mwa dimba, ndipo funani pulasitiki nthawi ikadalipo. Chaka choyamba yambani ndi mgolo umodzi kapena matumba awiri, limodzi la chimanga chokha, lina la nsenjere yothira molasesi kapena madeya. Lembani tsiku limene mwatseka, ndipo potsegula muitane anansi kuti anunkhize nawo ndi kuona mmene ziweto zikudyera. Pamene mwakayika pitani kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, pakuti safunsa anadya phula.